Foni yanga inaulula chinsinsi chomwe sichinali changa

Mwezi wathawu ndinapita kwathu ku Chambe kukapumako masiku anayi. Amene munafikako mukudziwa mmene zimakhalira. Ukatsika minibasi pa Chitakale n'kukwera ina yolowera msewu wa ku Phalombe, phiri limayamba kukuyandikira pang'onopang'ono, mpaka thanthwe lija la Chambe limakuimirira pamutu. Ine ndikangoliona, mapewa amatsika okha. Ndimadziwa kuti ndafika poti palibe ondifunsa za ntchito.

Loweruka madzulo titatha kudya nsima ya nandolo, amayi anabwereka foni yanga kuti aonere nyimbo za kwaya. Yawo ndi ya mabatani, ndiye ndikabwera ine amapezerapo mwayi. Ndinawatsegulira app ya mavidiyo, n'kupita kukathandiza mng'ono wanga kutsuka mbale kuseri. Sipanathe mphindi khumi.

"Iwe, tabwera kuno."

Mayitanidwe amenewo mwana aliyense wa ku Malawi amawadziwa. Ndinapukuta manja pachitenje n'kupita.

"Izi zikubweranji pafoni pako?"

Pakati pa nyimbo panali patalowa malonda a kachipangizo koyezera mimba. Amayi anati aka kanali kachitatu. Koyamba kunabwera app yowerengera masabata a mimba, kachiwiri zovala za makanda.

"Ndi malonda chabe amayi, zimangobwera zokha."

"Zimangobwera zokha? Nanga pafoni ya achimwene ako bwanji pamangobwera za mpira ndi za magalimoto? Undiuze bwinobwino. Ine ndine mayi ako."

Amayi anga sanapite patali ndi sukulu, koma usiku umenewo anafotokoza m'mawu ochepa zomwe ena timazilembera mapepala ku yunivesite: malonda a pafoni sabwera mwangozi, amatsata mwini foni. Vuto linali loti ine ndinalibe nkhani ya mimba. Ndili chiimire choncho, ndinamva kuti kuseri kuja phokoso la mbale lasiya. Ndipamene ndinakumbukira kuti Lachinayi usiku mng'ono wanga, yemwe ali ku koleji, anabwera kuchipinda nati, "Achemwali, bandulo yanga yatha, mundibwerekeko foni ndione za kusukulu."

Ndinameza malovu. "Amayi, paja ntchito yanga ndi yolemba. Ndimafufuza zinthu zambirimbiri, ndiye foni imasokonezeka." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, makamaka chapakati apa, kenako anandibwezera foni. Nyimbo zinathera pomwepo.

Anthu onse atagona, mng'ono wanga anandipeza pakhonde. Anali akunjenjemera, osati chifukwa cha mphepo ya m'phiri ayi. "Achemwali, ndinafufuta zonse. Ndinaonetsetsa kuti palibe chatsala. Ndiye zadziwika bwanji?"

Funso limenelo ndi lomwe tikambirane lero. Iye wandilola kulemba nkhaniyi, bola ndisatchule dzina lake. Ndipo musadikire kuti ndikuuzani mathero a nkhani ya mimbayo. Imeneyo ndi nkhani yake, si yanga, si yanu, komanso sinali ya wotsatsa malonda.

Kufufuta m'foni si kufufuta konsekonse

Kuno kwathu tikati data timaganiza za bandulo, ija timalira kuti yatha msanga. Koma pali data ina yomwe sitigula, timachita kupereka: mbiri ya zomwe timachita pa intaneti. Zomwe tafufuza, masamba omwe tatsegula, vidiyo yomwe taonera mpaka kumapeto, malo omwe tinali, nthawi yomwe tinagona.

Mng'ono wanga anafufuta mndandanda wa masamba omwe anatsegula. Anachita ngati munthu wosesa mapazi ake pabwalo, pomwe wa golosale analemba kale m'buku mwake kuti uje anabwera kudzagula chakutichakuti. Foni inali yolowa ndi akaunti yanga. Zomwe anafufuza zinalembedwa pa dzina langa, m'makompyuta omwe ali kutali ndi Chambe, ndipo kumeneko tsache lake silinafikeko.

Ambiri zikatichitikira zotere timathamangira kunena kuti foni imatimvetsera. Mu 2018 akatswiri a pa Northeastern University ku America anayesa ma app a Android oposa 17,000, ndipo sanapeze umboni woti ma app amatsegula maikolofoni mobisa n'kutumiza mawu athu. Chomwe anapeza n'choti ena ankajambula zomwe zikuoneka pagalasi la foni n'kutumiza kwa anthu ena. Zoona zake n'zoti otsatsa malonda safunika kutchera khutu pakhoma, poti timawauza tokha ndi zala zathu.

Oona zochita zathu alipo magulu atatu. Loyamba ndi eni ma app ndi masamba akuluakulu monga Google, Facebook ndi TikTok. Ukalowa ndi akaunti yako, amadziwa zomwe walemba, zomwe wakonda ndi pomwe chala chako chinaima. Lachiwiri ndi timapulogalamu tobisika m'masamba ena. Tsamba la nkhani kapena la sitolo limatha kukhala ndi kachidutswa ka Meta kapena ka Google komwe kamanena kuti foni yakuti yafika pano. Foni ya Android ili ndi nambala yakeyake ya otsatsa malonda, advertising ID, yomwe imathandiza kulumikiza zomwe wachita mu app iyi ndi zomwe wachita mu app inayo. N'chifukwa chake nsapato yomwe unaiyang'ana Lolemba imakutsata mpaka Lachisanu.

Gulu lachitatu ndi lomwe sitiliganizira kawirikawiri, chonsecho ndi lomwe timalilipira ndalama sabata iliyonse: kampani yomwe imatipatsa intaneti.

Mwini msewu amaona onse odutsa

Facebook imakuona ukakhala pa Facebook ndi pa masamba omwe ali ndi tizidutswa take. Koma chilichonse chotuluka m'foni mwako chimadutsa pa nsanja ya netiweki ya kampani yomwe unagulako simukhadi. Kampaniyo ili ngati kondakitala wa minibasi ya Chitakale: sadziwa zomwe zili m'chikwama chako, koma amadziwa pomwe wakwerera, pomwe watsikira, nthawi yake, ndi kuti sabata ino watsikira pachipatala katatu.

Masamba ambiri masiku ano ndi okhomedwa, aja adiresi yake imayamba ndi https. Izi zikutanthauza kuti kampani ya netiweki singawerenge mawu omwe walemba m'bokosi lofufuzira, kapena nkhani yeniyeni yomwe ukuwerenga. Mauthenga a WhatsApp nawo anakhomedwa kuyambira 2016, moti amawerenga ndi wotumiza ndi wolandira basi. Koma dzina la tsamba lomwe walowa, nthawi yomwe walowa, kuchuluka kwa bandulo yomwe wathera pamenepo ndi dera lomwe uli, zimenezo nthawi zambiri zimaoneka.

Ngati mukukayika, taganizirani bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha. Imagwira pa app imodzi, kwina n'kukana. Kuti itero, ndiye kuti makina a kampani amasiyanitsa kuti apa munthuyu ali pa WhatsApp, apa watuluka. Palibe zaufiti, ndi mmene malondawo anapangidwira. Funso ndi loti, kudziwa kumeneko kumathera pa kuwerengera bandulo, kapena kumapitirira?

Dzina la tsamba lokha limanena zambiri. Tsamba la kubetcha nthawi ya 2 koloko usiku, masiku asanu otsatizana. Tsamba la ngongole pa 20 mwezi uliwonse. Tsamba lofotokoza za ma ARV. Tsamba la ntchito za ku Johannesburg, pomwe abwana ako akudziwa kuti ndiwe wokhazikika. Munthu safunika kuwerenga kalata yako ngati akuona ma envelopu onse ndi komwe akupita.

Ku maiko ena makampani anagwidwa kale akupanga ndalama ndi zimenezi. Ku Britain, kampani ya BT inayesa mwachinsinsi mu 2006 ndi 2007 makina a kampani ya Phorm, omwe ankaunika masamba omwe makasitomala akutsegula kuti awasankhire malonda. Makasitomala masauzande sanauzidwe, ndipo nkhaniyo itaululika kunali phokoso mpaka ku European Union. Ku America, Verizon inkamata kanambala kobisika pa chilichonse chomwe kasitomala akutsegula pafoni, kanambala koti ngakhale ufufute zonse m'foni sikachoka. Mu 2016 bungwe loyang'anira zamauthenga kumeneko, FCC, linailipiritsa madola 1.35 miliyoni n'kuilamula kuti izipempha kaye chilolezo isanagawane kanambalako ndi makampani ena.

Chaka chomwecho FCC inakonza malamulo oti makampani a intaneti azipempha chilolezo asanagwiritse ntchito mbiri ya masamba omwe munthu watsegula. Malamulowo sanafike poyamba kugwira ntchito mokwanira: mu 2017 aphungu a ku America anawathetsa, Pulezidenti Donald Trump n'kusainira. Mu 2021 bungwe lina la boma, FTC, litaunika makampani akuluakulu 6 a intaneti, linapeza kuti ambiri amasonkhanitsa mbiri yochuluka kuposa momwe makasitomala amaganizira, ndipo ena amaika anthu m'magulu potengera mtundu wawo ndi nkhani zina za moyo wawo wamseri kuti otsatsa malonda awapeze mosavuta.

Choopsa kwambiri chinali cha malo. Mu 2024 FCC inalamula AT&T, Verizon, T-Mobile ndi Sprint kulipira pafupifupi madola 200 miliyoni onse pamodzi chifukwa chogulitsa mwayi wodziwa komwe makasitomala ali popanda chilolezo chawo, ngakhale makampaniwo anakatsutsa chigamulocho kukhoti. Uthengawo unkachoka kwa uyu kupita kwa uyo, mpaka mkulu wina wa apolisi ku Missouri anaugwiritsa ntchito kutsata woweruza milandu ndi apolisi anzake. Chomwe chinayamba ngati malonda chinathera pa kusaka anthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga kuno kwathu?

Musaganize kuti bizinesi yotsatsa malonda kudzera kwa eni netiweki ndi ya azungu okha. Ku Ulaya makampani anayi, Deutsche Telekom, Orange, Telefónica ndi Vodafone, anagwirizana mu 2023 kukhazikitsa kampani yotsatsira malonda yotchedwa Utiq, yomwe imati imagwira ntchito pokhapokha munthu wavomera. Kuno ku Africa, Airtel Africa inakhazikitsa Airtel Ads mu 2024. Kutsegula bizinesi yotere si mlandu ayi. Koma kukutiuza komwe mphepo ikulowera: makampani a mafoni azindikira kuti kupatula mayunitsi ndi mabandulo, ali ndi katundu wina wamtengo wapatali, ndiye kuwadziwa makasitomala awo.

Ndipo ku Malawi amatidziwadi. Mu 2017 bungwe la NRB linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Mu 2018, potsatira lamulo la zamauthenga la 2016, aliyense anayenera kulembetsa simukhadi yake, osalembetsa n'kudulidwa. Kuyambira pamenepo nambala yako si nambala chabe. Ndi dzina lako, tsiku lako lobadwa ndi chiphaso chako. Onjezerapo kuti nambala yomweyo ndiyo chikwama chako cha ndalama: malipiro amalowera pomwepo, fizi, magetsi, ya ndiwo yotumiza kumudzi, zonse pomwepo. Palibe mfumu, m'busa kapena ankhoswe amene amadziwa munthu ngati mmene simukhadi yake imamudziwira.

Kulembetsaku kuli ndi ubwino wake, makamaka polimbana ndi akuba a pafoni aja amati tumizani pa nambala iyi. Koma mbiri ikaunjikana malo amodzi, pamafunika mpanda wolimba. Amalawi tinayamba kale kukangana za mpandawo. Akuluakulu athu akukumbukira mkangano wa makina a MACRA otchedwa CIRMS, omwe anthu anawapatsa dzina loti makina aukazitape. MACRA inkati ndi oonera ngati makampani akupereka netiweki yabwino ndi kulipira ndalama zoyenera, pomwe ena ankaopa kuti aziunika mafoni a anthu. Khoti Lalikulu linayamba lawaletsa, koma mu 2014 khoti la Supreme linagamula mokomera MACRA. Mkanganowo unali wa boma ndi nzika. Wa lero ndi wa wamalonda ndi kasitomala, ndipo ukuchitika mwakachetechete.

Nkhani yabwino ndi yoti malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake, kuphatikizapo kusalowereredwa pa makalata ndi mauthenga a pafoni. Ndipo mu December 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2024. Anzathu anatitsogolera: Kenya mu 2019, Zambia mu 2021, ndipo la ku South Africa, POPIA, linayamba kuluma mu July 2021.

Lamulo lathuli linapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhanizi ndi kulandira madandaulo. Mwachidule limati wosunga mbiri yako akhale ndi chifukwa chovomerezeka, akuuze zomwe akufuna kuchita nayo, ndipo asatole zoposa zomwe zikufunika. Uli ndi ufulu wofunsa zomwe akusunga zokhudza iwe, wouza kuti akonze zolakwika, wopempha kuti afufute, ndi wokana kuti mbiri yako igwiritsidwe ntchito m'njira zina. Nkhani za umoyo, monga ija ya mng'ono wanga, zili m'gulu lofunika chitetezo chapadera. Mbiri ikabedwa, kampani iyenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72.

Koma lamulo lili ngati khasu, silidzilimira lokha. Tadzifunsani: pa anzanu onse a m'gulu la WhatsApp la kalasi yanu, ndi angati analemberapo kampani iliyonse kufunsa kuti mukusunga chiyani za ine? Ine ndemwe ndinali ndisanachitepo mpaka nditabwerako ku Chambe.

Nanenso ndili m'gulu la osaka

Apa ndiyenera kuulula. Kupatula kulemba tsamba lino, ndimalemberanso mabizinesi ang'onoang'ono mawu otsatsira malonda. Ndakhalapo pakompyuta n'kusankha kuti uthenga uwu ufike kwa amayi a zaka 20 mpaka 35, a mu Blantyre, okonda za ana. Ndimangodina, makina n'kukawapeza. Sindiona mayina awo, koma kuti makinawo awapeze ndiye kuti alipo anawaika kale m'kabokosi kolembedwa kuti uyu ndi wa zamakanda. Tsiku lina ine ndinali wodina. Loweruka lija ndinali m'kabokosi.

Sindinganame kuti zonsezi n'zoipa. Mnyamata woperekeza alendo kukwera phiri kuchokera pa Likhubula alibe ndalama yolipira wailesi kapena chikwangwani cha mu Chipembere Highway. Koma ndi ndalama yochepa atha kufikira anthu a ku Lilongwe okonda kukwera mapiri, n'kuwaonetsa Dziwe la Nkhalamba. Mayi wogulitsa zinanazi atha kupeza wogula wa ku Limbe. Kwa achinyamata ambiri omwe digiri ili m'sutikesi, imeneyi ndiyo sitolo yomwe angakwanitse.

Malire ndi omwe akufunika. Kundionetsa nsapato chifukwa ndinayang'ana nsapato, palibe vuto. Koma kutsata munthu chifukwa akuopa kuti ali ndi mimba, chifukwa ali m'ngongole, chifukwa akudwala, kapena chifukwa akulimbana ndi chilakolako cha kubetcha, kumeneko n'kupha nsomba ndi katupe. Mchimwene wanga wina anasiya kubetcha atataya ndalama ya lendi, koma mauthenga omuitana kuti abwerere ndi bonasi sanasiye kulowa m'foni mwake. Amene akufuna kusiya ndi amene makina amamuona kuti ndi kasitomala wabwino.

Palinso china chomwe opanga makinawa kutaliko saganizira. Iwo amaona ngati foni imodzi ndi munthu mmodzi. Kwathu foni imodzi ndi ya banja lonse. Amayi amaonerapo kwaya, mng'ono amalemberapo za kusukulu, mlamu amaonerapo zigoli, mwana amaonerapo makatuni. Malonda akatsata mwini foni, amakaonekera m'manja mwa wina. Ine ndinangoyang'anidwa pamimba n'kutha. Koma taganizani mayi wapabanja yemwe amafufuza za njira zolera mwamuna wake asakudziwa, pakhomo pomwe mkangano umathera pa zibakera. Kwa iyeyo malonda olakwika pa nthawi yolakwika si nkhani yoseketsa.

Zomwe mungachite usiku uno

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Izi sizitseka mabowo onse, koma zimachepetsa mphepo.

Choyamba, pa foni ya Android pitani ku Settings, mufufuze mawu oti Ads. Mafoni ambiri atsopano amalola kufufuta advertising ID, akalewo amalola kuisintha. Pa iPhone, app ikapempha kuti izikutsatani, kanani.

Chachiwiri, mu akaunti yanu ya Google muli malo otchedwa My Ad Center. Mutha kuzimitsa malonda otsata zochita zanu, kapena kuchepetsa a nkhani zisanu izi: mowa, njuga, zibwenzi, mimba ndi kulera ana, komanso kuchepetsa thupi. Ndikanadziwa kale, kwaya ya amayi ikanatha bwino. Pa My Activity mutha kuona ndi kufufuta zomwe zasungidwa, kapena kuuza kuti zizifufutika zokha pakatha miyezi itatu.

Chachitatu, pa Facebook ndi Instagram lowani mu Accounts Center, muone mndandanda wa masamba ndi ma app omwe akhala akutumiza mbiri yanu ku Meta. Khalani pansi musanatsegule, chifukwa ena mndandanda wake ndi wautali ngati wa maliro. Mutha kuudula.

Chachinayi, mvetsani ntchito ya Incognito. Imathandiza pa foni yobwerekana, poti siisiya mapazi m'foni, ndipo ngati simunalowe mu akaunti, zomwe mwafufuza sizilembedwa pa dzina la mwini foni. Koma sibisa kanthu kwa kampani ya netiweki, kwa mwini Wi-Fi ya kuntchito kapena ya kukoleji, ngakhale kwa tsamba lomwe mwalowa. Mu 2024 Google inavomera kufufuta mbiri zochuluka zedi pothetsa mlandu womwe anthu anaisumira ku America pa nkhani ya Incognito yomweyi.

Chachisanu, samalani ndi ma VPN aulere. VPN imabisa masamba anu kwa kampani ya netiweki, koma imawaonetsa kwa mwini VPN. Mwangosintha kondakitala. Facebook inali ndi VPN yaulere yotchedwa Onavo yomwe inkaithandiza kuona ma app omwe anthu akugwiritsa ntchito, mpaka inachotsedwa mu App Store mu 2018 n'kutsekedwa mu 2019.

Chachisanu ndi chimodzi, app ikapempha kuona manambala a anzanu, zithunzi kapena malo omwe muli, dzifunseni chifukwa chake. Tochi ikufuna manambala a azakhali anu kuti itani? Ma app a katapila ndiye oopsa kwambiri. Ku Kenya ena analipitsidwa chindapusa mu 2023 chifukwa chovutitsa abale ndi anzawo a anthu angongole, ndipo kuyambira pa 31 May chaka chomwecho Google Play inaletsa ma app angongole kuona manambala ndi zithunzi za m'foni. Yomwe mwaitenga pa link ya pa WhatsApp siimvera lamulo limenelo.

Chachisanu ndi chiwiri, mbiri siibedwa pa intaneti pokha. Fotokope ya chiphaso chanu yosiyidwa paliponse, nambala yolembedwa pa pepala la mpikisano wa shuga, simukhadi yolembetsera mnzanu pa dzina lanu, zonsezi ndi zitseko. Zomwe mnzanuyo achite ndi nambalayo zidzalembedwa pa inu.

Chomaliza, funsani. Lemberani kampani yomwe imakutumizirani mauthenga amalonda, muifunse komwe inatenga nambala yanu, ndipo muiuze isiye. Sungani kalatayo ndi tsiku lake. Ikapanda kumva, dandaulo lipite ku MACRA. Mmodzi akadandaula amati ndi wovuta. Tikadandaula anthu 500 amaitanitsa msonkhano.

Pakhonde paja

Usiku uja ine ndi mng'ono wanga tinakhala pakhonde mpaka tambala woyamba. Za foni tinakamba pang'ono, zambiri zinali zina. Chomwe chinandipweteka n'choti mwana wa mayi anga, wogona chipinda chimodzi ndi ine, anaona kuti n'kwapafupi kufunsa bokosi lofufuzira kusiyana ndi kufunsa ine. Anaganiza kuti bokosilo silinena kwa munthu. Chonsecho ndi lomwe linakafikitsa nkhani kwa amayi pasanathe masiku awiri, ndipo silinachite mwankhanza ayi, linkangofuna kugulitsa katundu.

Patapita sabata ziwiri iye mwini anakhala pansi ndi amayi n'kukambirana, pa nthawi yomwe anasankha yekha, ndi mawu akeake. Amayi anandiimbira pambuyo pake. Sanatchule za bodza langa lija. Anangoti, "Ukamabwera ubwere ndi ka memory card ka nyimbo. Za pa intaneti zija zili ndi miseche."

Chinsinsi sikuti ndi cha anthu ochita zoipa. Ndi mpata woti munthu anene nkhani yake yekha, kwa yemwe wamusankha, tsiku lomwe wakonzeka. Makolo athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake nkhani zina zinkakambidwa kusiwa, zina kudambwe, zina pabwalo. Ife tanyamula siwa, dambwe ndi bwalo m'thumba limodzi, ndipo makiyi ake ali ndi anthu omwe sitinawaonepo.

Musanagone lero, tsegulani My Activity muone zomwe foni yanu ikukumbukira. Mukamaliza, muthandizenso mng'ono wanu kapena amayi anu kuchita chimodzimodzi, koma muwapatse foni adine okha, inu muyang'ane kumbali.

Sabata ya mawa tidzakamba za zithunzi za ana athu zomwe timaika pa status, ndi komwe zimakathera.